Misozi Imene Deliwe Anagulitsa

Umphawi uli ndi fungo lake, ndipo Deliwe ankalidziwa bwino poti linali pathupi pake: utsi wa makala, thukuta ndi makoko a manachesi. Ankagulitsa manachesi m'mphepete mwa msewu waukulu pa Mwanza Boma, pamene mathiraki opita ku Mozambiki amandanda kudikira chipata cha m'malire. Mwamuna wake anapita ku Joni iye ali ndi pakati, ndipo sanaimbeko ngakhale foni yongofunsa kuti kwabadwa mwana wanji. Mwanayo anali wamkazi, dzina lake Tiyese. Ankakhala kumudzi kwa Nthache ndi a Sankhani, achimwene ake a Deliwe, chifukwa kachipinda ka lendi ka pa Boma kanali kongokwana mphasa ndi dengu.

Tsono patsidya pa msewu, moyang'anizana ndi dengu lakelo, panali sitolo ya magalasi ya mayi Rashidah. Abale inu, sitolo! Katundu wake ankachokera ku Joni ndi ku Dubai: mawotchi, zikwama zachikopa, nsapato zosayenera kupondera fumbi la Mwanza, ndi mafuta onunkhira a m'timabotolo totalika ngati chala. Olowamo anali eni mathiraki, mabwana a kuchipata ndi azimayi a ku Tete olankhula Chipwitikizi. Ife ena tinkangodutsa, n'kudziyang'anira pagalasi mwakuba.

Koma chimene chinkamudya Deliwe si katunduyo ayi. Chinali Sarah.

Sarah anali wa mudzi umodzi ndi Deliwe. Anakulira limodzi, kutunga madzi pamjigo umodzi, ndipo kusukulu Sarah ndiye ankakopera masamu kwa Deliwe. Sarah yemwe uja wa zipere m'mutu! Lero anali ataima mkati mwa magalasi, atavala siketi yakuda ndi bulauzi yoyera, mphepo yozizira ya makina ikumuwomba, mabwana akumuitana ndi dzina. Deliwe ankamuyang'ana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tsiku lina anasenda nachesi mpaka kuliphwanyira m'manja osadziwa.

Choipa kwambiri chinali chakuti Sarah anali munthu wabwino. Akanakhala wonyada bwenzi zikupepuka. Koma iye masana ankawoloka msewu, n'kukhala pa thumba la Deliwe, n'kuvula nsapato.

"Mnzanga, miyendo yangayi ndi ya nkhalamba," ankatero akudzisisita zidendene. "Tiyese ali bwanji? Tenga kabulauzi aka, kandithina."

Deliwe ankalandira ndi manja awiri, koma mumtima ankatukwana. Zotsala zake akupatsa ine? Ine amene ndinkamulembera masamu?

Tsiku lina Sarah anabwera akuthamanga. Mtsikana wina anali atasiya ntchito m'sitolomo, ndipo Sarah anali atamulankhulira Deliwe kwa mayi Rashidah.

"Koma ndikuuziretu," anatero Sarah. "Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mulibe mpando mmuja, timaima tsiku lonse. Zovalazi si zathu, timazisiya tikamaweruka, ndipo alonda amatisecha zikwama ngati akuba. Malipiro enieni ndi ochepa, chimene chimatipulumutsa ndi komishoni ya pa katundu amene wagulitsa iweyo. Ndiye munthu akutukwane, akunyoze, iwe uzingomwetulira."

"Kumwetulira kokhako?" anatero Deliwe. "Imeneyo ndi ntchito?"

Inali ntchito ndithu. Zabwino zinalipo, osakana. Dzuwa silinkamuwotchanso, ankanunkhira ngati mkwatibwi, ndipo anzake a manachesi anayamba kumutchula kuti asisi. Koma nkhope ya Deliwe inali itazolowera tsinya la pamsewu, ndipo anthu olemera amanunkhiza tsinya ali patali. Ankalowa, n'kumuyang'ana kamodzi, n'kupita kwa Sarah. Makamaka a Malcolm, mwini mathiraki ambirimbiri, amene ankagula mawotchi ngati akugula mtedza. Iwo akangolowa ankafuula, "Ali kuti Sarah wanga?" Akapeza kuti watuluka, ankabwerera osagula kanthu.

Tsiku lina Deliwe anagwada kuti amuyese nsapato mayi wina wa magalasi akuda. Mayiyo anachotsa phazi msangamsanga.

"Iii, manja akowa ndi okhakhala ngati chitsononkho. Unkalima? Ndiitanire winayo, usandikande."

Sarah anabwera, anagwada pomwepo, anaseka nawo, ndipo mayiyo anatenga nsapatozo pamodzi ndi chikwama. Deliwe anathawira kuchipinda cha makatoni, n'kulira mpaka bulauzi kunyowa. Mayi Rashidah anamupeza kumeneko. Sanali munthu wankhanza, koma sankadziwa kuzungulira.

"Mwanawe, nsapato zilipo ngakhale kumsika," anatero. "Anthuwa sabwera muno kudzagula nsapato. Amabwera kudzagula nkhope yowalandira ngati mafumu. Nkhope yakoyi ikapanda kusintha, ndikubwezera ku dengu lako. Sindikufuna kutero, koma nditero."

Kubwerera ku dengu, Sarah akuyang'ana pagalasi! Deliwe anaona kuti bola kufa. Ndiye pamene anakumbukira zimene azimayi a kumsika ankanong'onezana, zoti kumapiri a kwa Kanduku kuli a Petro, amene amakonza malonda a anthu.

Anapita Lamulungu, anzake ali kutchalitchi. Anakwera njinga yamoto mpaka pamene msewu unathera, kenako anayenda wapansi. Ankayembekezera kupeza munthu wa zikopa ndi nthenga. Anapeza bambo waukhondo, wa malaya ositidwa, atakhala pakhonde dzuwa lili pamutu, akutsuka timabotolo m'beseni n'kumatiyanika pa thandala. Pakhomopo panalibe nkhuku, panalibe galu, panalibe mwana.

"Takulandirani, mayi," anatero a Petro osadzutsa mutu. "Mwabwera kudzaona chabe kapena kudzagula?"

Amenewo anali mawu enieni amene Deliwe ankalankhula kusitolo. Anakhala pansi n'kufotokoza zonse, ndipo dzina la Sarah linatuluka pakamwa pake kambiri kuposa dzina la mwana wake.

"Ndiye mukufuna kulemera, kapena mukufuna mnzanuyo asauke?"

"Ndikufuna aliyense wolowa m'sitolomo azibwera kwa ine."

"Ndamva. Zonse ziwiri." A Petro anapukuta manja. "Nkhope yotere ilipo. Munthu akaiona, dzanja limapita lokha m'thumba."

"Mtengo wake?"

"Ndalama zanu sungani. Ine ndimasinthanitsa. Mbuzi sindifuna, magazi sindifuna, m'bale wanu sindimukhudza." Ananyamula kabotolo kamodzi n'kukayang'ana padzuwa. "Ndikufuna misozi yanu."

"Misozi?"

"Yonse. Ya lero ndi ya mtsogolo. Mukatuluka pano simudzaliranso, ndipo nkhope yanu idzakhala yomwetulira basi, m'sitolo ndi kunja komwe."

Deliwe anaseka, kuseka kwenikweni, ndipo kunali komaliza. "Bambo, ine ndalira mokwanira moyo wanga. Misozi yandipatsa chiyani? Tengani, mwina mundipepuza."

"Onse amatero," anatero a Petro. "Muli ndi mwana?"

"Mmodzi. Bwanji?"

"Ayi, ndangofunsa. Tsopano lirani. Ganizirani chimene chimakupwetekani koposa."

Deliwe anaganiza za mwamuna wake wa ku Joni, koma m'maso munali gwa. Anaganiza za Tiyese akuyenda wopanda nsapato, m'maso munangoyabwa. Kenako anaona Sarah atagwada, akuseka ndi mayi wa magalasi akuda uja, ndipo misozi inakhuthuka ngati wathyola mpopi. A Petro anatchera kabotolo pansi pa chibwano chake mpaka kudzaza, n'kutseka. Atatero anaviika chala m'kachitini ka mafuta otuwa, n'kumupaka m'mbali mwa milomo, uku ndi uku.

"Pitani bwino, mayi. Zikomo potigula."

Ha! Mawa lake sitolo inaona zachilendo. Mayi wa magalasi akuda uja analowa, napita molunjika kwa Deliwe, n'kumupatsa phazi yekha. Mabwana a kuchipata obwera kudzangofunsa mtengo ankatuluka atanyamula mapepala awiriawiri. Azimayi a ku Tete ankamugwira masaya n'kumayankhula zawo zoyamikira. Wina akamunyoza, mawuwo ankangotsetsereka, nkhope ili ngwee. Mayi Rashidah anagwedeza mutu nati, "Koma mwanawe, unkabisa chuma."

Deliwe anachoka m'kachipinda ka mphasa n'kulowa nyumba ya magetsi. Anagula sofa, firiji, ndi wotchi ya m'sitolo momwemo, chinthu chimene wogulitsa aliyense amangochigwira n'kubwezera. Sarah tsopano ndiye ankaima pakona, manja kumbuyo, akupukuta galasi loyera kale. Deliwe akamuona choncho, mtima wake unkazizira bwino ngati wamwa madzi a mumtsuko.

Koma masaya ankawawa. Madzulo akaweruka ankawasisita kuti atsike, osatsika. Akadzuka m'mawa ankapeza nkhope ikumwetulira kale, iye asanaganize chilichonse chosangalatsa.

Mwezi wina anapita kumudzi atanyamula diresi la pinki la Tiyese. Mwanayo anali atayamba kumene sukulu, kamtsikana kowonda, kolongolola. Atavala diresilo anathamanga kuti akaonetse anzake, n'kupunthwa pa chitsa, n'kusupuka bondo mpaka magazi. Deliwe anathamanga kukamudzutsa. Tiyese anamuyang'ana kumaso, nasiya kulira.

"Amama, mukundiseka?"

"Ayi mwanangu, sindikuseka."

"Mukuseka. Ndikuona mano." Mwanayo anadzichotsa m'manja mwa mayi ake, n'kutsimphina kupita kwa a Jane, akazi awo a amalume ake, ndipo ndi kumeneko anakamalizira kulira.

Chimenecho chikanamukwanira munthu wanzeru. Koma Deliwe anangoti ana ndi ana.

Kenako amayi ake a Sarah anamwalira kumudzi komweko. Inu mukudziwa mmene timalowera pasiwa. Mzimayi amayamba kulira ali panjira, amafika atafunda chitenje, ndipo amene ali m'nyumba amamulandira ndi kulira komweko. Deliwe anafika atafunda bwinobwino, anayesa kutulutsa mawu, koma mawu olira otuluka m'kamwa momwetulira ndi chinthu choopsa kuchimva. Nyumba yonse inati zii. Azimayi anakodolana.

"Akusekerera chiyani ameneyu?" wina ananong'ona.

"Si mwamva kuti masiku ano ndi wolemera?" anayankha mnzake.

Sarah anadzutsa maso otupa, anamuyang'ana, n'kuweramanso. Deliwe anatuluka mwambo usanathe, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kupita kumaliro. Ankangotumiza shuga ndi ufa. A Sankhani anamuimbira foni kumuchenjeza: "Mlongo, maliro n'kulirana. Shuga salira." Iye anati kuntchito sakumulola.

Sarah atabwerera kuntchito, anali atatsala ndi kasitomala mmodzi yekha, a Malcolm. Bamboyo anali wokhulupirika ngati galu wa pakhomo. Ankalowa maso ali kwa Sarah, osayang'ana kumbali, moti nkhope ya Deliwe inalibe powagwirira. Mungaganize kuti munthu amene watenga sitolo yonse angamusiyire mnzake mmodziyo. Ayi ndithu! Deliwe ankagona akuganiza za a Malcolm. Onse aja anali ngati palibe, poti mmodzi ankafuulabe kuti, "Ali kuti Sarah wanga?"

Ndiye kunamveka kuti mwana wamkazi wa a Malcolm akukwatiwa, ndipo bamboyo abwera Loweruka masana kudzagula za ukwati wonse: nsapato za operekeza, mawotchi a azibambo, zikwama za azimayi, mafuta onunkhira a aliyense. Katundu wake anali woti munthu mmodzi sangathe kutumikira, choncho mayi Rashidah anati atsikana onse awiri aime pamodzi. Deliwe anadziwa kuti tsiku limenelo a Malcolm amuyang'ana kumaso, afune asafune.

Loweruka lomwelo, chakum'mawa, foni yake inalira. Anali a Sankhani.

"Deliwe, Tiyese watentha thupi kuyambira dzulo, tsopano wayamba kukomoka, maso akutembenuzika. Wa njinga yamoto wa m'mudzi muno wapita ku Zobue, ku Mozambiki. Peza galimoto ubwere pompano, timuthamangitsire kuchipatala."

Musaganize kuti Deliwe sankamukonda mwana wake, ankamukonda. Anapita kwa mayi Rashidah n'kunena kuti mwana wadwala kumudzi. Mayiwo anamuyang'anitsitsa. Anaona masaya okwera, mano oyera, maso owala.

"Ndi zoopsa?" anafunsa mokayika. "Nkhope yakoyi sikuoneka choncho. Koma ngati ndi zoopsa, nyamuka pompano, usachedwe. A Malcolm awatumikira Sarah."

A Malcolm awatumikira Sarah. Mawu amenewo anamukhomerera pansi ngati msomali.

Sarah anali atamva. Anabwera n'kumugwira mkono. "Pita, mnzanga. Malungo a ana sachedwa. Komishoni ya lero tigawana, ndikulumbira."

Tigawana! Ndiye kuti Sarah agulitse, Sarah atamandidwe, kenako amuponyere zotsala ngati kabulauzi kothina kaja? Deliwe anachotsa mkono wake.

"Ndi kamalungo chabe, madamu," anatero. "Achimwene amakonda kukuza zinthu. Ndipita tikaweruka."

Anazimitsa foni n'kuiika m'chikwama.

A Malcolm anafika mochedwa, dzuwa litapendeka kale, ndi akazi awo ndi mkwatibwi. "Ali kuti Sarah wanga?" anafuula. Koma Deliwe anali ataima pakhomo penipeni, ndipo maso awo anagwera pankhope yake. Bamboyo anaima, anakanda mutu, n'kuseka.

"Koma iwe unali kuti masiku onsewa?"

Basi, zinathera pomwepo. Deliwe anagwada, anayesa nsapato, anamanga mawotchi pamikono, anapopera mafuta padzanja lake kuti anunkhize. Sarah ankangonyamula makatoni. Mashelefu anayera. Mayi Rashidah anali asanaonepo malonda otere chitsegulire sitolo yawo. Ndipo nthawi yonseyo, mkati mwa chifuwa cha Deliwe munali kamtsikana ka diresi la pinki kakutembenuza maso, koma kunja palibe amene akanadziwa.

Katundu atalongedwa, Deliwe anapempha a Malcolm kuti amuthandize galimoto, mwana wake akudwala kwa Nthache.

"Akudwala, iwe ukuwala chonchi?" anaseka bamboyo. "Chabwino. Dalaivala akatisiye kunyumba kaye, atsitse katundu, kenako akutenge."

Mmene galimotoyo inkasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, dzuwa linali litafiira. Atatsala pang'ono kufika, anaona anthu awiri kutsogolo. Mwamuna ankakankha njinga, mzimayi anali atabereka mwana kumbuyo. Anali a Sankhani ndi a Jane. Atatopa kudikira, anali atanyamuka okha panjinga yakapalasa. Koma tsopano sankalowera kuchipatala. Ankalowera kumudzi, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo chitenje cha a Jane chinali chitaphimba mwanayo mpaka kumutu. Timapazi tokha ndi timene tinkalendewera.

Dalaivala anazimitsa wailesi.

Deliwe anatsika. Anafuna kudzigwetsa pansi n'kukuwa mpaka mapiri amve. Anaima pamsewupo, akununkhira mafuta a ukwati, akumwetulira.

A Sankhani anamuyang'ana kumaso. Njinga inagwa m'manja mwawo.

"Watisiya pamlatho paja," anatero. "Ankakuitana. Ndakuimbira mpaka foni kutha moto. Deliwe, mwana wako wafa. Ukusekerera chiyani?"

Mayo ine, maliro amenewo! Mayi wa mwana amakhala pafupi ndi bokosi, azimayi anzake atamugwira uku ndi uku kuti asadzipweteke. Deliwe anakhala yekha, mphasa yonse yake. Palibe anafuna kumukhudza. Anazembera kuseri kwa nyumba, anathyola tsabola wakambuzi n'kudzitikita m'maso. Maso anafiira ngati makala a moto, anatupa, koma dontho silinagwe. Anadzimenya masaya, anawakokera pansi ndi zala, akangowasiya ankabwerera.

Nthawi yoona nkhope itafika, anthu anayang'ana kamodzi m'bokosi, kawiri kwa mayi wake. Manong'onong'o anasanduka mawu.

"Wakhwimira mwana!"

"Firiji ija ndi imeneyi, yagona m'bokosimu!"

"Taonani, akukondwera kuti malonda ayenda!"

Adzukulu anaponya makasu pansi, nati sakwirira mwana woperekedwa nsembe mayi wake ali pomwepo. A Sankhani anachita kuwagwadira. Pamene anthu anayamba kutola miyala, mzimayi mmodzi anadutsa pakati pawo, anavula chitenje chake chapamwamba, n'kumufunditsa Deliwe kumutu kuti nkhopeyo isaoneke. Anali Sarah. Anamukumbatira, ndipo analira mokweza m'malo mwa onse awiri mpaka bokosi linatsika.

Atachoka kumanda, a Sankhani anatulutsa zonse zimene mlongo wawo anawagulirapo, ndi diresi la pinki lomwe, n'kuziunjika panja.

"Sindikudziwa chimene unachita," anatero. "Sindikufunanso kudziwa. Tenga zakozi, ndipo pakhomo pano usadzapondenso."

Deliwe anatola diresi lokha. M'mawa mwake anali kumapiri a kwa Kanduku, atasenza wotchi, zikwama, nsapato ndi zonse zimene akanatha kunyamula. Anapeza a Petro pakhonde pomwe paja, akutsuka timabotolo.

"Takulandiraninso, mayi. Katundu wathu akugwira bwino, ndikuona."

Deliwe anakhuthula zonse pamapazi awo. "Munati simukhudza m'bale wanga!"

"Ndamukhudza? Ine foni yanu sindinazimitse."

"Tengani zonsezi. Sindikupempha mwana, ndikudziwa kuti sabwerera. Ndibwezereni misozi yanga, ndimulire mwana wanga kamodzi kokha. Kamodzi, bambo!"

A Petro anasuntha nsapato imodzi ndi phazi. "Kusitolo kwanu kuja, munthu akabwera ndi nsapato zoti wavala kale, akufuna kubweza, mumamuuza chiyani?"

Yankho lake Deliwe ankalidziwa. Mawuwo anali atawanena kambirimbiri, mokoma, akumwetulira.

"Nenani, mayi."

"Katundu wogulidwa sabwezedwa."

"Eya. Ndiye ine ndikhale wosiyana? Komanso kabotolo kanu kanapita kalekale. Misozi imayenda malonda kuposa nkhope. Anagula mayi wina amene anathira mankhwala m'chakudya cha mwamuna wake, ndiye ankafuna polirira pamaliro kuti abale asamukayikire. Ndamva kuti analira bwino kwambiri, anthu mpaka kumugwira." Anaviikanso manja m'beseni. "Pitani bwino. Zikomo potigula."

Mutu wa Deliwe unasokonekera panjira yobwerera. Chisoni chosowa potulukira chimawola mkati mwa munthu. Kusitolo anangopitako tsiku limodzi. Anagwada pamaso pa mwana wa kasitomala wina, n'kuyamba kumuveka diresi la pinki mokakamiza, akumutchula Tiyese, mpaka alonda anamutulutsa. Sofa ndi firiji zinatengedwa ndi eni nyumba ndi akuba, iye osazindikira n'komwe.

Mukadzadutsa pa Mwanza Boma mudzamuona. Amakhala pamalo pake pakale, m'mphepete mwa msewu, moyang'anizana ndi magalasi aja, ndi dengu lopanda kanthu. Tsitsi linapotana, mapazi anang'ambika, diresi lili pamiyendo, ndipo amalisisita tsiku lonse. Madalaivala achilendo amamuimbira huta n'kumati, "Koma mayi uyu ndi wansangala!" Masana Sarah amawoloka msewu ndi kambale ka chakudya, amakhala pambali pake, amavula nsapato. Nthawi zina Sarah amagwetsa misozi. Zikatero Deliwe amatambasula dzanja, n'kukhudza tsaya la mnzakeyo, n'kuyang'anitsitsa chala chonyowacho. Kaduka kake kanatsalira pamenepo.

Choncho inu amene mumaima kunja kwa galasi n'kumasirira zimene zili mkati, samalani. Dyera silikhuta, ndipo kaduka kamakugulitsa chimene sunkadziwa kuti ndi chuma. Deliwe anali ndi ntchito, anali ndi mnzake womufunira zabwino, anali ndi mwana, koma anaona kuti zonsezo n'zachabe chifukwa munthu mmodzi ankaitanabe dzina la Sarah. Chuma cha mankhwala chilibe chotchipa. Akakuuzani kuti sakufuna ndalama zanu, thawani, chifukwa chimene akufunacho simudzachigulanso.